Tayala la Chilimwe Limadziwika pa Mvula

Inu amene ndakupezani muli pa chiwongolero, maso akhale pamsewu, mundibwereke khutu lokha.

Tsiku lina mu Novembala mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni mawu akunjenjemera. "Amalume, galimoto ija yandikana." Galimoto yake ndi Toyota Mark X, ya injini ya V6, yokankha ndi matayala akumbuyo. Anali atangokaitenga kumene pa chipata cha Songwe, itachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, patatha zaka zitatu akusunga ndalama. Tsikulo ankatsikira ku Chikwawa, mvula yoyamba itangowaza, phula likufuka nthunzi. Pa kona ina ya ku Thabwa minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwake kuti itsitse munthu. Iye kuponda buleki, galimoto n'kumangoterereka. Pamene inkaima, mpata wotsala pakati pa iye ndi minibasiyo ngakhale mbuzi sikanadutsapo.

Iye ankati vuto ndi mabuleki. Makanika anamasula, anayang'ana, nati mabuleki alibe vuto. Ine nditafika ndinagwada pa tayala lakutsogolo. Mano ake anali akuya ndithu, ngati sanapondepo msewu. Koma nditakanikiza ndi chala chachikulu, mphira wake unali wofewa ngati chofufutira cha mwana wa sukulu. Dzino lililonse linali lochekedwachekedwa timizere tokhotakhota, topyapyala ngati tsitsi. Pakhoma la tayala panalembedwa STUDLESS, ndipo kumapeto kwa manambala kunali chilembo Q. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, mabuleki alibe mlandu. Galimoto yako yabwera itavala nsapato zoyendera pa chipale cha ku Hokkaido."

Matayala amenewa kwawo amapulumutsa anthu. Kumpoto kwa Japan chipale chofewa chimakwirira misewu miyezi ingapo. Kale ankayendera matayala okhomedwa timisomali, koma timisomalito tinkapala phula n'kudzaza fumbi m'mizinda ngati Sapporo ndi Sendai, mpaka mu 1990 boma linakhazikitsa lamulo lowaletsa. M'malo mwa matayala a misomali, makampani anapanga mphira wofewa kwambiri, woti uzigwira pa madzi oundana popanda msomali. Mukaona mayina ngati Blizzak, iceGUARD kapena Winter Maxx, dziwani kuti ndi a mtundu umenewo. Mwini wake akamagulitsa galimoto nthawi zina amaisiya itavala omwewo, ndipo imatsika m'sitima choncho mpaka kufika pakhomo panu ku Chilomoni kapena ku Area 25. Pa madzi oundana ndi akatswiri. Pa phula lotentha ndi lonyowa amachedwa kuima, amagwedera pa kona, ndipo amadyeka ngati sopo wosiyidwa m'beseni.

Tsono nditamuuza mnyamatayo kuti akagule matayala amene Azungu amati summer tyres, anandiyang'ana modabwa. "Amalume, a chilimwe? Dzinja lomwe layambali?"

Funso limenelo ndi limene landibweretsa kuno lero, chifukwa dzinali latisokoneza ambiri. Kwathu kuno chilimwe ndi nthawi ya fumbi, dzinja ndi nthawi ya mvula, ndiye munthu akamva za tayala la chilimwe amaganiza kuti ndi loyendera pouma pokha. Koma amene anatcha dzinali sankasiyanitsa kuuma ndi kunyowa ayi. Ankasiyanitsa kutentha ndi kuzizira. Ku Ulaya malire amene opanga matayala amakonda kutchula ndi madigiri 7. Kukazizira kuposa pamenepo, mphira wa tayala la chilimwe umayamba kuuma gwa, n'kusiya kugwira bwino. Kukafunda kuposa pamenepo, ndiye lafika kwawo, kaya msewu ndi wouma kaya mvula ikukhuthuka. Ndi masiku angati pa chaka amene msewu wa M1 umazizira kufika pamenepo? Mwina m'bandakucha wina wa mu Juni kapena Julayi ku Dedza ndi ku Chikangawa, ndipo dzuwa likangotuluka zatha. Chimene anzathu amachitcha tayala la nyengo imodzi, kwa ife ndi tayala la chaka chonse.

Amene munadutsapo pa Vizara ku Nkhata Bay munaona mitengo ya mphira yochekedwa khungwa, utomoni woyera ukudonthera m'tizikho, ndi anyamata m'mbali mwa msewu akunjanjitsa mipira yoluka ndi mphira womwewo. Tayala limayambira pamenepo, koma silithera pamenepo. Amasakaniza mphira wa mumtengo ndi wina wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, n'kuthiramo mwaye wakuda, salifa, mafuta, ndi silika wochokera ku mchenga. Kusakaniza kulikonse kuli ndi kutentha kumene kumakondwera nako. Taganizani majarini. M'mawa wa mu Julayi ku Dedza amakana kupakika pa buledi, koma mukawatengera ku Nchalo mu Okutobala amayenderera okha. Mphira nawonso uli choncho. Wa tayala la chisanu anaukonza kuti ukhale wofewa pa madzi oundana, ndiye ku chigwa cha Shire, kumene mpweya wokha umapitirira madigiri 40 ndipo phula limawotcha kuposa apo, umalobodoka. Wa tayala la chilimwe anaukonza kuti pa kutentha koteroko ukhale pakatikati: wolimba moti usagwedere, wofewa moti ulowe m'timaenje ta miyala ya phula n'kugwira. Silika uja, amene Michelin inayamba kumuthira mochuluka m'matayala ake mu 1992, ndi amene anasintha kwambiri kagwiridwe ka tayala ponyowa.

Mukaliyang'ana tayala la chilimwe muona kuti mano ake ndi aakuluakulu, makamaka a mbali yakunja, chifukwa pokhota kulemera konse kwa galimoto kumatsamira kumeneko. Pakati pali ngalande zitatu kapena zinayi zozungulira tayala lonse. Ntchito ya ngalandezo ndi kuthamangitsa madzi. Madzi akachuluka kuposa amene ngalande zingathe kutulutsa, amalowa pansi pa tayala n'kulinyamula. Amene zinakuchitikiranipo mukudziwa: chiwongolero chimapepuka m'manja, injini ikulira koma galimoto sikumvanso za inu. Ndipo kumbukirani kuti galimoto yonseyo, ndi injini yake, ndi inu, ndi ana kumbuyo, imakhudza dziko lapansi pa malo anayi okha, aliwonse aakulu ngati chikhato cha munthu wamkulu.

N'chifukwa chake ine ndimakana ndikamva wina akuti matayala amenewa ndi a anthu okonda kuthamanga. Chimene mukugula si liwiro. Mukugula mtunda umene galimoto idzayende kuchokera pamene mwaponda buleki kufika pamene yaima. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, sekondi iliyonse mumadya mamita 22. Misewu yathu tikuidziwa: wa kabaza akupatuka osatembenuka, mwana akuthamangira mbuzi, msika wa pa Lizulu utasefukira mpaka m'phula. Mamita asanu okha pamenepo ndi amene amasiyanitsa munthu wofika kunyumba akusimba zoti anatsala pang'ono, ndi munthu wogona m'chitokosi banja lina likukhoma bokosi.

Mayiko a European Union anaiona nkhaniyi, ndipo kuyambira mu 2012 tayala lililonse latsopano logulitsidwa kumeneko limakhala ndi chipepala chomata chosonyeza zinthu zitatu: kamwedwe ka mafuta, phokoso, ndi kagwiridwe ponyowa. Kuyambira mu 2021 zilembo za kamwedwe ka mafuta ndi za kagwiridwe ponyowa zimachokera pa A kulekeza pa E. Matayala ena obwera kuno amafika chipepalacho chidakalipo. Funani pamene ajambula tayala ndi mtambo wa mvula. Pa galimoto yamphamvu ine sinditsika kupitirira B, ndipo A akakhalapo ndimatenga A. Enanso amakhala ndi zolemba za ku America pakhoma: TRACTION, pomwe AA ndi wapamwamba, ndi TEMPERATURE, pomwe A akusonyeza kupirira kutentha. Wokhala ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga asalumphe mawu achiwiriwo.

Tiyeni tigwade limodzi pa tayala tiwerenge. Tinene kuti palembedwa 225/45 R17 94Y. Nambala yoyamba, 225, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 45, ikunena kuti kutalika kwa khoma ndi magawo 45 pa 100 a kutambalalako, kutanthauza mamilimita pafupifupi 101. R ndi kalukidwe ka mkati, 17 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Ambiri timalekera pomwepa, n'kuthamangira kufunsa mtengo. Koma zotsalazo ndi zimene zimanyamula moyo. 94 akutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 670. Likanakhala 91 likanasenza 615 okha. Ndipo chilembo chomaliza ndi liwiro limene tayalalo linayesedwa n'kupirira: Q ndi makilomita 160 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270, Y ndi 300.

Wina ati, kodi 300 ndikaithamangira kuti? Simudzaithamanga, ndipo musayese. Koma chimene chimapha tayala pa liwiro ndi kutentha kwa mkati mwake, ndiye chilembocho chikukuuzaninso za mphamvu ya nsalu ndi mawaya ake. Langizo langa ndi losavuta. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa mphuthu pake pali kapepala ka opanga galimoto. Musatsike pansi pa nambala ndi chilembo zimene anakulemberani, komanso palibe chifukwa chowonjezera ndalama kuthamangira Y pamene anakulemberani V.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga umawawa, pa nkhani ya malimu. Galimoto zimenezi, BMW 3 Series, Mercedes C-Class, Audi A4, Mark X, Altezza, zimakongola zikavala limu yaikulu ndi tayala lopyapyala ngati lamba. Ndikuvomereza, zimakongoladi, ndipo pa msewu wosalala chiwongolero chimamvera ngati chikuwerenga maganizo anu. Koma tawerengani nane. Pa 225/45 R17 khoma ndi mamilimita 101. Pa 225/40 R18 latsika kufika 90. Pa 225/35 R19 latsala 79. Onse atatuwa ukulu wawo wonse ndi wofanana pafupifupi, chimene chikuchepa ndi mphira ndi mpweya wokhala pakati pa limu ndi msewu. Mu Febuluwale, mvula itakumba misewu, dzenje limabisala pansi pa chithaphwi. Mukaligunda, khoma la tayala limapanikizika pakati pa mlomo wa dzenje ndi mlomo wa limu, ulusi wa mkati n'kuduka. Mawa lake mupeza chotupa ngati dzira pambali pa tayala. Chotupa chimenecho chilibe mankhwala. Chigamba chimagwira pakati, poponda msewu, msomali ukabaya. Pakhoma sichigwira, ndipo aliyense wokuuzani kuti aliwotcha likhala bwino akukutumizani kukaphulika nalo pa Zalewa mutanyamula banja.

Ndaonapo mnyamata ataima m'mbali mwa msewu kupitirira pa Balaka, dzuwa likulowa, matayala awiri a mbali imodzi ataphwa ndi dzenje limodzi, limu yamtengo wapatali itapindika ngati mlomo wa mbale yakale. Sipeya anali nayo imodzi. Pa sitolo zonse zapafupi panalibe amene anali ndi saizi yake, moti anagona pomwepo kudikira kuti wina amutumizire pa basi kuchokera ku Blantyre. Ndiye ine maganizo anga ndi awa, ndipo ena a inu mukangana nane: pa misewu yathu, ngati opanga galimoto analola saizi ziwiri kapena zitatu, tengani limu yaing'ono mwa zimenezo, bola ikwane pa mabuleki. Mudzataya kukongola pang'ono, koma mudzapeza khoma lokutetezani, mtengo wotsika, ndi tayala loti likapezeke ngakhale ku Mzuzu. Mukapeza lolembedwa XL, lomwe analilimbitsa kuti lisenze zambiri, ndi bwinonso.

A BMW mundimvere pang'ono. Zambiri mwa galimoto zanu zinabwera zopanda sipeya chifukwa zinavala matayala oyendabe ataphwa, amene amalola makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losapitirira 80. Mukawasintha n'kuika wamba, palibe cholakwa, koma gulani sipeya ndi jeke tsiku lomwelo. Zinanso zimavala saizi ziwiri, monga 225/40 R18 kutsogolo ndi 255/35 R18 kumbuyo, ndiye simungawasinthanitse. Kanyenyezi pakhoma kakutanthauza kuti tayalalo linakonzedwera BMW, monga MO wa Mercedes ndi AO wa Audi.

Mayina? Sinditsatsa malonda a munthu, koma amene amatchulidwa kawirikawiri m'gulu la matayala a chilimwe a galimoto zamphamvu ndi Michelin Pilot Sport, Continental SportContact, Goodyear Eagle F1, Bridgestone Potenza ndi Pirelli P Zero, ndipo otsikirapo mtengo ndi monga Hankook Ventus, Falken Azenis ndi Kumho Ecsta. Pali ena opangidwira mabwalo a mpikisano, a mano ochepa ndi ngalande zosaya. Amenewo asiyireni a ku bwalo la mpikisano la Kyalami, mvula ya ku Mulanje saidziwa. Ndipo ndikuuzeni zoona zake: tayala logwira kwambiri limatha msanga kuposa la galimoto wamba. Kugwirako ndi mphira umene ukutsala pamsewu. Wogula galimoto yamphamvu aziwerengera ndalama ya matayala monga amawerengera ya mafuta ndi ya inshulansi.

Ndikudziwa kuti thumba ndi limene limalamula, ndipo n'chifukwa chake ambiri timathera pa matayala a kaunjika, aja ounjikidwa m'mbali mwa msewu atapakidwa polishi kuti aziwala. Sindinyoza wogula kapena wogulitsa, aliyense akusaka moyo. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ambiri mwa aja a mano akuya otchipa modabwitsa ndi a chisanu omwe aja, otayidwa ku Japan ndi ku Ulaya. Mukaona chithunzi cha phiri la nsonga zitatu muli kanyenyezi ka chipale, kapena timizere tokhotakhota tija, bwererani. Kenako funani zilembo DOT, mutsate mpaka pa manambala anayi omaliza. Mukapeza 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda, mphira umauma n'kuyamba timing'alu. Michelin yomwe imalangiza kuti likapitirira zaka zisanu liziyang'anidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano akadalipo. Pisani dzanja mkati, mupapase ngati muli zigamba. Ndipo m'ngalande muli timizere tokwera timene timasonyeza kuti mano atsala mamilimita 1.6. Latsopano limakhala ndi 7 kapena 8. Pa mvula yathu ine ndimasintha akafika cha pa 3, sindidikira kuti afike pa kamzereko.

Ndalama zikangokwana awiri, gulani awiri ofanana, ndipo muwaike kumbuyo. Ambiri amati kutsogolo chifukwa n'kumene kuli chiwongolero. Koma kutsogolo kukaterereka mumamva m'manja, mumachotsa phazi pa mafuta, galimoto n'kubwerera. Kumbuyo kukaterereka, galimoto imatembenuka musanadziwe n'komwe. Pa galimoto yokankha ndi kumbuyo ngati Mark X ndiye nkhaniyi ilibe mtsutso.

Abale athu amene mukutimva muli kunja, zanu zasiyana pang'ono. Ku Johannesburg tayala la chilimwe likukwanirani, mvula ya mabingu ya masana ija ndiyo ntchito yake, ingosamalani m'mamawa wa mu Juni ndi Julayi kukagwa chisanu. Ku Britain lamulo silikukakamizani kuvala a chisanu, koma kuyambira Novembala mpaka Malichi kumazizira moti ena amasankha a nyengo zonse monga CrossClimate. Malire a mano kumeneko ndi mamilimita 1.6, ndipo chindapusa chimatha kufika mapaundi 2,500 pa tayala limodzi. Ku Germany ndiye simuloledwa kuyenda pa chipale kapena pa madzi oundana popanda matayala a chizindikiro cha phiri chija. Koma mukamatumiza galimoto kumudzi, chonde, isabwere itavala amenewo.

Mphwanga uja anachita kubwereka ndalama kuntchito, nagula anayi. Ndinapita naye kokamangitsa. Mnyamata womanga matayala anali wachangu, manja akuda bii ndi mwaye, koma tayala lachitatu analimanga mozondoka. Matayala ambiri a mtunduwu ali ndi mbali yakunja ndi yamkati, pena palembedwa OUTSIDE, pena pali muvi wolozera kozungulira. Ndinamukodola, "Achimwene, taonaninso ili." Anayang'ana, anagwira pakamwa, nalimasula popanda kunyinyirika. Tinapempha kuti awaike pa makina a balansi, aike mavalavu atsopano, ndipo tinakawongoletsa alayimenti tsiku lomwelo, chifukwa miyendo yopotoka imadya tayala latsopano mbali imodzi m'miyezi yochepa. Pa mpweya mnyamatayo anafuna kuwerenga nambala ya pakhoma la tayala. Ndinamuletsa, chifukwa imeneyo ndi malire a tayala, si muyezo wa galimoto. Muyezo uli pa kapepala ka pa chitseko kaja, ndipo umayezedwa m'mawa matayala asanatenthe. Mukayeza mutayenda ulendo wautali mupeza wakwera, koma musauphwetse.

Pobwerera mvula inatipeza pa msewu wa ku Zomba. Pa malo owongoka, kutsogolo ndi kumbuyo kulibe galimoto, ndinamuuza mphwanga uja kuti aponde buleki mwamphamvu kamodzi, amve. Anaponda. Lamba anandigwira pachifuwa, galimoto n'kuima njii. Mnyamatayo anakhala chete kanthawi, manja ali pa chiwongolero, kenako anati, "Amalume, tsiku lija ndinali ndi mwana kumbuyo."

Matayala akale aja anafuna kuwagulitsa, ndipo wogula anali atapezeka kale, woyendetsa takisi wina wa ku Ndirande amene anakopeka ndi mano ake. Ndinamupempha kuti asatero. Tinawacheka pakhoma ndi chikwanje onse anayi, n'kuwapititsa kwa mayi ake ku Lunzu. Mlongo wanga anawadzaza dothi ndi manyowa kuseri kwa khitchini, ndipo pano mukumera anyezi ndi tsabola.